Paipi Imene Frimpong Adatsitsa

Kunyumba kwa bambo Gyamfi ku Suame, mumzinda wa Kumasi, tsiku linkayamba ndi pemphero, kenaka boneti. Akangoti ameni, mkuluyo ankatuluka kukayendera takisi yake yokalambayo, mwana wake Frimpong ali pambali.

"Bokosi la mpweya ili ndiye mphuno ya galimoto," ankamuuza. "Adaliika pamwamba kuti injini izipuma mpweya, isamwe madzi."

Chaka chimenecho takisiyo inali ndi ntchito yoposa kudyetsa banja. Afrakoma, mlongo wake wa Frimpong, adabwerera kwa makolo kudzadikira mwana wake woyamba, ndipo anamwino adachenjeza kuti mwanayo wagona mopingasa. Matenda akadzayamba, asadzachedwe m'njira.

"Wina asaseweretse galimoto iyi," adatero bambowo. "Ili ndi ulendo umene sitidziwa tsiku lake."

Frimpong anali ndi manja abwino, kugalaja kumene ankaphunzira umakaniko ankamutama. Chimene adalibe ndi makutu. Komweko adadziwana ndi Bonsu, mnyamata wa pakamwa pa shuga, amene Lamulungu lililonse ankapikisana liwiro ndi anzake pamsewu wosatha kumanga kunja kwa Kumasi.

"Aise, udzakalamba ukupukuta boneti ya mdala wako? Bwera nayo tione ngati ili ndi mtima."

Lamulungu lotsatira Frimpong adadwala mutu. Makolo ndi mlongo wake atangoyenda kupita kutchalitchi, mutuwo udapola, makiyi nkutuluka m'thumba la jekete ya bambo. Kumpikisano adatsirizira, anthu nkumuseka mpaka kugwira nthiti.

"Injini yako ikupuma mpweya wotentha," adamunong'oneza Bonsu. "Iweyo ungathamange uli m'khitchini yofuka? Tsitsa paipi pansi, kuseri kwa bampala, izikoka mpweya wozizira. Uona wekha."

"Nanga bambo akaona?"

"Bokosilo ulisiye pomwepo, lopanda ntchito. Nkhalamba imangoona chivindikiro."

Za mpweya wozizirazo Bonsu sadaname. Satana akamanama samanama zonse. Frimpong adaba paipi kugalaja kwa abwana ake, naimanga, ndipo takisi idakoka ngati mwanapiye waona mphamba. Omwe ankamuseka aja adamugulira akpeteshi, kachasu wa kumeneko, iye nkumwa koyamba.

"Mutu wakowu umadziwa bwanji kuti lero ndi Lamulungu?" adamufunsa mayi ake, a Serwaa. "Mwanawe, chimene ukubisacho chidzakubisa ndiwe."

Bambo nawo adatchera khutu. "Injini ikulira mawu achilendo. Waigwira?"

"Ayi bambo. Mwina ndi petulo wa masiku ano."

Mumtima ankati adzabwezera paipi mvula isanayambe. Koma Lamulungu lililonse linkabala linzake, ndipo mawa lakelo silidafike.

Mvula yoyamba idagwa masana, yamkokomo, ndipo Afrakoma adakuwa kuchipinda. Adamunyamulira kumpando wakumbuyo, mayi atamufungatira, Frimpong kutsogolo ndi bambo. Atafika potsetsereka pa kakalavati, adapeza madzi asefukira pamsewu.

"Awa ndawaoloka zaka ndi zaka," adatero bambo Gyamfi. "Safika pamphuno."

Frimpong adaona madziwo, nadziwa pamene mphuno inali tsopano. Kukamwa kudatseguka. Akadangoti imani, akadazungulira njira yakumtunda. Koma chifukwa cha manyazi adangopemphera kuti bodza lake lioloke nawo.

Pakatikati penipeni injini idameza, idati khu, ndi kuzima.

"Bambo, ndikufa ine!" adalira Afrakoma.

Mkuluyo adapotoza kiyi. Zii. Adapotozanso.

"Musalizenso!" adakuwa Frimpong. "Yamwa madzi. Paipi ili pansi. Ndidaitsitsa ndine."

Bambo ake adamuyang'ana kamodzi kokha. "Tsika. Kankha."

Adakankha madzi ali m'maondo, akulira ngati mwana, koma galimoto idangosuntha pang'ono nkukana. Adaimbira foni Bonsu.

"Chonde bwera ndi galimoto, achemwali akufa!"

"Mvula imeneyi? Aise, yanganso paipi ili pansi. Ukufuna ndiphe injini?" Foni idaduka.

Frimpong adathamanga mumsewu akugwadira galimoto iliyonse. Zina zinkabwerera zisanafike pamadzi, zina zinkangomuwaza matope. Potsiriza mayi wina wogulitsa makala adatsitsa matumba ake panjinga yamoto yonyamula katundu, nagonekapo Afrakoma. Adafika kuchipatala dzuwa litapendeka, magazi atanyowetsa nsalu ya mayi Serwaa.

Afrakoma adapulumuka. Mwana, wamwamuna, adatuluka wosalira. Namwino adangoti, "Mukadafulumira."

Mwana amene sadafike tsiku lopatsidwa dzina saliridwa. Ndi mlendo amene wabwerera, amatero akuluakulu. Choncho padalibe maliro, padalibe nsalu zakuda, padalibe malo amene Frimpong akadagwa pansi nkulira anthu nkumumvetsa. Afrakoma adavala zoyera monga mwa mwambo, nakhala pakhonde maso ali gwa, mkaka ukudontha pa bulauzi.

Frimpong adamugwadira. "Achemwali, ndimenyeni. Nditukwaneni. Chonde nenani kanthu."

"Udapambana?" adafunsa iye motsitsa. "Kumpikisano kwakoko, udapambana?"

Takisi idakokedwa nkusiyidwa pansi pa mtengo wa mango, injini itathyoka m'kati. M'mawa bambo Gyamfi amapempherabe, ndipo dzina la Frimpong amalitchula, koma akati ameni palibe wotuluka panja. Mnyamatayo adabweza paipi kwa abwana ake, adasiya mowa, ndipo kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo. Mulungu amakhululuka, izo nzoona. Koma kukhululuka sikudzutsa mwana.

Achinyamata inu, amati choipa chitsata mwini. Musadalire zimenezo. Tchimo limene mwabisa pansi pa chivindikiro limadikira tsiku la mvula, ndipo nthawi zina limasiya mwini ali moyo nkutenga wosalakwa, amene sadapatsidwe ngakhale dzina.