Nyundo Inalira Kawiri

Sitima ya simenti inachedwa tsiku limenelo, moti pamene Wanyali ankaweruka pasiteshoni ya katundu, ngakhale agalu anali atagona. Ntchito yake inali yokweza nyali yobiriwira kuti sitima inyamuke. Lamulo linali limodzi: woyendera mawilo akatuluka kunsi kwa mabogi, azimenya njanji katatu ndi nyundo, ndiye nyali ikwere.

Anadzera chidule, kunjanji yakale kumene mabogi akutha amadyedwa ndi dzimbiri. Zaka khumi ndi chimodzi anali asanapondeko, ndipo chifukwa chake ankachidziwa yekha. Koma lero miyendo inali italema.

Ngwe! Ngwe!

Anaima. Pafupi ndi bogi panali munthu atanjuta, wovala ovolosi, chipewa chitaphimba nkhope.

"Achimwene," anatero munthuyo, "mwamva kangati?"

"Ka... kawiri, bambo."

"Kawiri eti? Makutu anutu ndi abwinobwino."

Anayenda ndawala. Kumbuyo miyala ya m'njanji inkalira... Munthu uja ankamutsata, akukoka mwendo.

"Nanga mabwana aja munawauziranji kuti katatu?"

Usiku wa mvula uja unabwerera wonse. Anali atazizidwa, akufuna kwawo. Anamva nyundo kawiri, n'kukweza nyali, sitima n'kuponda mnzake woyendera mawilo. Mawa lake analumbira pamaso pa mabwana a kampani kuti anamva katatu, kuti mnzakeyo anabwerera yekha kunsi kwa bogi ataledzera. Pamaliro bokosi ananyamula nawo, misozi ili chuchuchu, munthu wabodza wopanda manyazi.

"Mkazi wanga mpaka lero amauza ana kuti ndinafera mowa," anatero mawu aja pakhutu penipeni. "Ine mowa, achimwene?"

Anatembenuka, n'kumuunika ndi nyali yake. Chipewa chinakwera pang'ono... Wanyundo! Yemwe uja anamukwirira ndi manja ake zaka khumi ndi chimodzi zapitazo!

Nyali inazima.

Wanyali sanathawire kwawo. Anathamangira kunyumba za kampani, kukhomo limene ankalilambalala zaka zonsezi, n'kugogoda.

"Ndani usiku uno?" anafunsa mkazi wa malemuyo.

"Ndine, alamu." Anagwada pakhonde. "Amuna anu sanamwe. Anamenya kawiri kokha. Ndine ndinakweza nyali."

Kenako kutali, kunjanji yakale, nyundo inalira kamodzi, kukwanitsa katatu kaja.

Ngwe!