Masamba Panjira ya kwa Zikhale

Linali Lachisanu madzulo, ndikuthirira kapinga kunyumba ya abwana anga ku Area 10, pamene Bonface anasuzumira pampanda. Bonface anali mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, munthu wa miyendo yaitali ndi lilime lotalika kuposa miyendoyo.

"Jobu, mawa kuli mpikisano wothamanga," anatero. "Woyamba kufika alandira njinga. Yatsopano, ya belu ndi kaliyala. Koma iwe usadzivute, ndi yanga kale imeneyo."

Paipi inandipulumuka m'manja. Njinga!

Kuti mumvetse bwino, nthawi imeneyo boma linali pakalikiliki kusamuka ku Zomba. Lilongwe yense anali fumbi ndi fungo la simenti. Ine ndinali mkamwini kwa Zikhale, kamudzi ka tsidya la Lingadzi. Ndisanazolowere n'komwe khasu la apongozi, kunabwera anthu a mapu n'kunena kuti pamudzipo padzadutsa msewu. Mudzi wonse anaukweza pamalole n'kukautula kutali, kupitirira Lumbadzi. Mkazi wanga Alesi anapita komweko ali ndi pathupi, ine n'kutsala m'tauni chifukwa cha ntchito. Kupitako wapansi kunkandidyera Lamulungu lonse. Kufika, kumwa madzi, kutembenuka. Mwana anabadwa, anayamba kukwawa, koma ndikafika ankandilira ngati mlendo. Zimenezo zinkandiwawa mumtima kwabasi. Alesi anali atayamba kale kunena kuti ndisankhe, ntchito kapena banja. Ndi njinga, Loweruka lililonse ndikanamagona kwathu.

Mpikisanowo anaukonza mzungu wina wa misewu pamodzi ndi makalaliki ochokera ku Zomba, mkulu wawo a Chikaonda. Masiku amenewo Loweruka maofesi ankaweruka masana, ndiye akuluakuluwa anagwirizana zoti tiyambe akangoweruka. Masana, abale, mwezi wa Okutobala! Anthu ozolowera kamphepo ka m'phiri la Zomba, dzuwa la ku Lilongwe ankangolimva m'nkhani.

Tinasonkhana pa Bwalo la Njobvu, chikhamu cha anthu. Alonda, ophika, omanga nyumba, ndi makalaliki ovala nsapato zoyera mbee. Ine ndinali ndi nsapato zanga za matayala ndi kachipewa kong'ambika. Njira inali yoti tituluke m'tauni, tizungulire kutchire kutali uko, tibwerere cha tsidya la Lingadzi, tikamalizire ku Capital Hill. A Chikaonda anakwera pa lole.

"Njira yonse taika zizindikiro," anakuwa motero. "Wosochera afuna yekha!"

Zizindikiro zanji, sananene. Wezulo inalira, fumbi linati koboo.

Titangopitirira Area 4 n'kulowa kanjira ka m'tchire, amene anali kutsogolo anaima mwadzidzidzi mpaka tinagundana. Panjira panali patagonekedwa nthambi za masamba aawisi. Inu mukudziwa, masamba panjira ndi maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wothamanga amayenda. Ndiye tangoganizani, chikhamu chonse chija chinavula zipewa, manja kumbuyo, kuyenda mwakachetechete nkhope zili zyoli. Tinayenda, tinayenda, osaona nyumba, osamva kulira. Kenaka kunatulukira mzungu uja pa njinga yamoto, nkhope itafiira ngati phwetekere, akukupiza manja kuti thamangani. Eti masamba aja ndiwo anali zizindikiro zake! Anyamata amene anamudulira nthambizo ankadziwa bwino lomwe, koma ndani angatsutse bwana? Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Pa masamba achiwiri ena anazengerezabe. Pofika achitatu tinkangowalumpha ngati achule.

Kuseka kunathera pomwepo, chifukwa dzuwa linayamba ntchito yake. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Mchenga unkaotcha kudutsa m'matayala a nsapato. Madzi anatiikira m'migolo yachitsulo, koma migoloyo anaisiya padzuwa, moti ukanangoponyamo masamba a tiyi basi wamwa. Makalaliki anayamba kugwa mmodzimmodzi. Wina ndinamupeza atakhala m'chithaphwi cha mumtsinje, madzi akulekeza m'khosi, akuitana amayi ake a ku Domasi. A Chikaonda amene, omwe anati athamanga nafe pang'ono kuti atilimbitse mtima, anawanyamula pa lole akuwakupiza ndi katoni.

Ine ndinkanyowetsa malaya pa mgolo uliwonse, koma ndisanafike patali anali atauma gwa. Lilime linasanduka chikopa. Ndikafuna kukhala pansi ndinkaona mwana wanga akubisala kumbuyo kwa amake, ndiye miyendo inkapezanso mphamvu.

Pamene dzuwa linkalowa tinali titatsala awiri kutsogolo, ine ndi Bonface. Kumbuyo kunalibe ngakhale fumbi la munthu.

"Ukadali moyo, wamaluwa?" anandifunsa akupuma mwawefuwefu.

"Ndikudikira ugwe ndikuthirire," ndinamuyankha.

Mdima unagwa koma kutentha sikunachoke. Nthaka inkatulutsa mpweya ngati uvuni wa njerwa. Mgolo womaliza tinaupeza wopanda dontho. Ndinazindikira kuti thukuta lasiya kutuluka, ndipo mutu unayamba kuzungulira. Apo ndinachita mantha, chifukwa munthu akauma chotero sachedwa kugwa.

Mwezi unatuluka. Kanjira kanakhota, ndipo ndinaona mtengo wa mango umene ndinkaudziwa. Unali wa apongozi anga. Tinali titalowa m'mabwinja a kwa Zikhale.

Panjira panali masamba.

Masamba onse a mzungu anali atafota kalekale masana. Awa ayi. Anali obiriwira, onyowa ngati angothyoledwa m'mame. Ndinachepetsa liwiro. Kenaka ndinamva nyimbo. Mawu a amayi, otsika, ochokera kuseri kwa zipupa zogumuka. Inali nyimbo ya maliro, koma si ya kutchalitchi kwathu.

"Bonface, ukumva?"

"Ndi wailesi ya alonda a mathirakitala okonzera msewu. Masamba a mzungu awa!"

Anawalumpha, napita. Ine ndinakweza mwendo kuti ndimutsate. Njinga inali kupita ndikuiona.

"Akamwini."

Mawu a munthu wamkulu, osakuwa. Mwendo unabwerera wokha. Kaya ndi ludzu, kaya ndi misala, koma mkamwini salumpha maliro a kuchikamwini kwake. Ndinavula chipewa.

Kuseri kwa chipupa kunali moto, ndi anthu atauzungulira. Abambo mbali iyi, amayi mbali iyo. Anavala nsalu zakuda za biriwita, zija zinatha kalekale m'masitolo. Nkhope zawo sindinazidziwe. Koma aliyense anali ndi mpata wa mano ngati wa Alesi.

Ndinanjuta n'kuwomba m'manja. "Pepani, pepani nonse."

"Zikomo, akamwini. Khalani."

Ndinakhala. Apo m'pamene ndinazindikira chinthu china. Moto unkayaka ndithu, koma sunkatentha. Pamalopo pankazizira bwino ngati m'mawa wa mwezi wa Juni. M'Lilongwe monse muja, malo ozizira anali okhawo.

Mayi wina anagwada patsogolo panga ndi chikho cha madzi. Ozizira, okoma dothi pang'ono. Madziwo ndinawadziwa. Anali a pachitsime cha kumunsi kwa mudzi, chimene anachikwirira anthu akusamuka, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinayang'ana chikho, ndinayang'ana mayiyo. Ndinamwa onse. Anandipatsanso, ndinamwanso. Thukuta linabwerera.

Ndinatembenukira kwa mkulu amene anandiitana uja. Anali wamfupi, khutu lakumanzere lodukako nsonga.

"Watisiya ndani kodi?"

"Mudzi, akamwini. Lolemba akubwera ndi zigalimoto zawo zokumba."

Ndinangokhala, mtima uli ku Capital Hill kumene Bonface anali atatsala pang'ono kuliza belu la njinga yanga. Kudzuka sindikanatha, nyimbo inali isanathe. Misozi inalengeza, ndipo anthu aja ayenera kuti anaganiza kuti ndine mkamwini wachifundo kwambiri.

Kenaka ndinamva mapazi. Phaphapha, kuchokera kumene tinachokera kuja. Munthu wamtali anatulukira, analumpha masamba, napita. Bonface! Ndisanatseke pakamwa, mapazi enanso, mbali yomwe ija. Bonface yemweyo. Kulumpha, kupita. Ndinamuitana, osandimva. Pa anthu onse aja palibe anadzutsa mutu.

"Mnzanuyo ali ndi changu," anatero mkulu uja akusonkheza moto. "Musiyeni, kuthamanga sikufika."

Nyimbo itatha anadzuka. "Mwatikhalitsa, akamwini. Tiyeni ndikuperekezeni."

Tinalambalala masamba mwaulemu. Titafika panjira ndinapempha kuti ndithamange, iwo anati thamangani. Ndinathamanga ngati ndangoyamba kumene. Ndikayang'ana kumbali, mkulu uja ali pomwepo, akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ndinawonjezera liwiro. Ali pomwepo. Mapazi anga ankadzutsa fumbi. Awo ayi.

"Ana athu anawapititsa kuti?" anafunsa.

"Kupitirira Lumbadzi."

"N'kutali?"

"Kutali zedi. N'chifukwa chake ndikuifuna njingayi."

"Ife sanatiuze. Tinangoona malole. Akudya koma?"

"Akudya. Dothi lake ndi labwino. Kwabadwanso mwana."

Anaseka mosangalala, mpata wa mano uli poyera. Tinafika pamene kanjira kankakumana ndi msewu watsopano wa phula. Patsogolo magetsi a Capital Hill ankaoneka. Mkulu uja anaima.

"Miyendo yathu imalekeza pano. Mukaipeza njingayo, muzititengako."

"Palibe vuto," ndinatero, monga mmene munthu amayankhira apongozi. Nditacheuka kuti nditsanzike bwino, panali chitsa chokha.

Ha! Mtunda wotsalawo sindikudziwa kuti ndinaudutsa bwanji. Ndinangozindikira ndili pa magetsi a galimoto, a Chikaonda ali m'tulo pampando, thaulo lonyowa pamutu. Ndinachita kuwagwedeza. Anadzidzimuka n'kufunsa ngati ndine wa mpikisano kapena wakuba. Woyamba kufika ndinali ine. Kunena zoona, womaliza ndinalinso ine, chifukwa ena onse, kupatula Bonface, anabwera pa lole.

Bonface anamupeza m'bandakucha alonda a mathirakitala. Ankazungulira mtengo wa mango uja pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, akuti pepani, pepani, kwa zipupa. Mapazi anali atatupa ngati maungu. Anati usiku wonse akalumpha masamba ankawapezanso patsogolo, mpaka nzeru zinamubwerera kuti avule chipewa. Area 10 yonse inamuseka mwezi wathunthu. Ophika akamuona ankaponya tsamba pageti n'kumufunsa ngati alumphe kapena ayende.

Koma kuseri anthu ankanong'ona zina. Anyamata a mzungu analumbira kuti m'mabwinjamo sanaikemo nthambi, ankaopa. Alonda anati wailesi analibe, ndipo phulusa la moto silinapezeke paliponse. Amayi a ku Area 15 ochapa zovala ankati boma linasamutsa amoyo okha, linaiwala kuti mudzi uli ndi eni ake ena. Lolemba zigalimoto zinabweradi, n'kusalaza zonse.

Loweruka lotsatira ndinaipukuta njinga yanga mpaka kuwala, ndinaliza belu pageti la Bonface kuti amve bwino, ulendo wa kwathu. Ndinadzera njira ya kwa Zikhale chifukwa ndiyo yachidule. Panali dothi lofiira lokhalokha, ngakhale mango aja kunalibe. Nditangofika pakati, njinga inati nyomi kumbuyo. Kaliyala inalira. Tayala linaphwa pang'ono ngati pakhala munthu.

Sindinacheuke. Ndinangoti, "Mwakhala bwino?" n'kupalasa. Pachitunda cha ku Kanengo ndinatuluka thukuta la anthu awiri. Titafika pa nyumba zoyamba za mudzi watsopano, njinga inapepuka, ndipo agalu onse anathamangira kumbuyo kwanga akugwedeza michira.

Usiku umenewo mwana anagona pachifuwa panga koyamba. Ndinamufotokozera Alesi zonse, ndikuyembekeza kuti andiseka kapena athawa. Anangofunsa za khutu.

"Lakumanzere? Lodukako nsonga?"

"Lomwelo."

"Amalume awo a amayi amenewo. Anawaluma bulu ali mwana."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkagona kwathu, ndipo mwana anayamba kundithamangira. Kulemera kwa kumbuyo kunkasinthasintha. Tsiku lina kolemera mpaka kutsika n'kukankha, tsiku lina kopepuka ngati kamwana. Ndikuganiza ankasinthana.

Koma m'mawa wa Lolemba lotsatira ulendo woyamba uja, ndikukonzeka kubwerera kuntchito kusanache, ndinapeza Alesi atagwada pa njinga ndi nyali. Anali atapinda chitenje chake chatsopano, chija ankapita nacho kutchalitchi, akuchimangirira pa kaliyala ndi luzi.

"Nanga ichi?" ndinafunsa.

"Inu mulibe manyazi?" anatero akukoka mfundo ndi mano. "Akuluakulu ulendo wonse uja mwawakhazika pachitsulo."