Zigamba Zimene Eneless Anabisa

Nkhani iyi anandiuza ndi Lazalo. Lazalo amayendetsa thirakitala pa famu ina kufupi ndi tauni ya Concession. Ine ndine woyendayenda, sindikhalitsa malo amodzi. Tsiku limenelo ndinali kudikira kombi, minibasi ya kumeneko. Kombi inachedwa. Lazalo anasenda lalanje nkundigawira. Kenako anayamba kukamba za mwana wa mchemwali wake.

Mwanayo dzina lake ndi Eneless. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amakhala pa komboni, pa nyumba za antchito a pafamu.

Eneless ankafuna bulangete la zigamba. Ankalifuna kwambiri. Amayi ake anali kukonzekera kusoka limodzi. Koma silinali lake. Linali la Tadala.

Tadala ndi mng'ono wake wakhanda. Tadala sayankhula. Tadala sayenda. Tadala amangoyamwa ndi kugona. Koma aliyense wobwera pakhomo ankafunsa za Tadala.

Pa komboni imeneyo ali ndi kachitidwe kawo. Mwana akabadwa, khomo lililonse limapereka chigamba chimodzi. Mayi wa mwana amalumikiza zigambazo. Mkati amaikamo majuzi akale kuti bulangete lizitentha. Likatha, aliyense amabwera kudzaloza chigamba chake.

Mwezi wa Juni unafika. Kunayamba kuzizira. Kumeneko amati chando. M'mawa udzu unkayera mbee, ngati wina wauwaza mchere.

Amayi anati, "Eneless, tenga beseni. Upite khomo ndi khomo. Loweruka ndiyambiranso maricho, ndipo Tadala ndipita naye kumunda."

Maricho ndi ganyu, kwa inu amene simunafikeko kumeneko.

Eneless anatenga beseni. Anayambira kwa Sekuru Jackson. Kumeneko agogo aamuna amati Sekuru.

"Odi, Sekuru!"

"Aa, ndiwe Ene? Wabwera kudzandiphikira?"

"Ayi, Sekuru. Ndabwerera chigamba."

Sekuru anadula mwendo wa ovolosi yawo yakale. Inali yabuluu, yosuluka.

"Ovolosi iyi yasankha fodya zaka makumi awiri," anatero. "Ichi ncha Tadala."

Eneless anachiponya m'beseni. Sichinali chokongola.

Anapita kwa Sisi Janeth, amene amagulitsa mu golosale. Janeth anatulutsa chigamba chachikasu. Chinali ndi timadontho takuda.

"Ichi ncha Tadala," anatero Janeth. "Umupsompsone patsaya."

Eneless anachiyang'ana. Anachiyang'ananso. Mtima unamuwawa. Atatuluka, sanachiike m'beseni. Anachibisa mkati mwa juzi lake.

Anapita kwa Mai Ricardina, amene kwawo ndi ku Mozambiki. Iwo anatulutsa chigamba chofiira. Chinali ndi mbalame ziwiri.

"Ichi ncha Tadala," anatero Mai Ricardina.

Mtima unamuwawanso. Chofiiracho chinalowanso m'juzi.

Anayenda makomo ambiri. Kwina anamupatsa chakhaki. Kwina chotuwa. Kwina cha yunifomu ya sukulu. Zimenezo zinalowa m'beseni.

Pomaliza anafika kwa Mai Mwanaisha. Iwo ndi anzawo a amayi ake. Anatsegula sutikesi. Anatulutsa diresi limene anavala pa Idi. Linali lobiriwira, la maluwa agolide. Anadula mmunsi mwake pang'onopang'ono.

"Diresi ili ndimalikonda," anatero Mai Mwanaisha. "Koma mwanayo ndi wathu. Ichi ncha Tadala."

 Tadala, Tadala, Tadala! Palibe ndi mmodzi yemwe anati, "Ichi ncha Eneless."

Chobiriwiracho chinalowanso m'juzi.

M'mbali mwa msewu wa kumunda muli balani yakale ya fodya. Masiku ano saigwiritsa ntchito. Eneless analowamo. Anapeza njerwa yogwedera. Anaika zigamba zitatu kuseri kwake. Kenako anapita kunyumba.

Amayi anayala zigamba pamphasa. Anaziyang'ana.

"Ndi zokhazi?"

"Ee, Amayi."

"Kwa Mai Mwanaisha unafikako?"

"Ndinafika makomo onse," anatero Eneless. Maso anali pansi.

Amayi anangoti, "Hmm." Anatenga singano ndi ulusi. Anayamba kusoka.

Amayi anali ndi singano ziwiri. Mawa lake inatsala imodzi. Ina anatenga ndi Eneless.

Ulusi analibe. Ndiye anatola thumba la feteleza. Anasolola ulusi wa pakamwa pa thumbalo. Unali woyera. Unali wonenepa. Anavutika kuulowetsa pa singano, koma unalowa.

Tsiku lililonse akaweruka kusukulu, Eneless ankathamangira ku balani. Ankasoka bulangete lakelake. Analumikiza chachikasu ndi chofiira. Analumikiza chofiira ndi chobiriwira. Singano inamubaya chala kawiri. Msoko unapita uku, unapita uko. Koma zigamba zinagwirana.

Atamaliza, anayesa kufunda. Anafunda mutu, mapewa anatsala. Anafunda mawondo, mapazi anatsala.

"Basi, ndi langabe," anatero Eneless. "Si la Tadala."

Anabayira singano pa nsaluyo. Anabwezera zonse kuseri kwa njerwa.

Kunyumba amayi nawo anamaliza lawo. Linali labuluu, lakhaki ndi lotuwa. Ndipo linali lalifupi. Akamufunditsa Tadala kumutu, timapazi tinkatuluka. Akamufunditsa timapazi, khosi linkatsala pamtunda.

Amayi anapukusa mutu. "Ndimayesa zigamba zikwana," anatero.



Loweruka linafika. Kunacha kozizira kuposa masiku onse. Lazalo anabwera ndi thirakitala yokoka ngolo.

"Kwerani, kwerani!" anakuwa. "Mbatatesi sizidzikumba zokha!"

Amayi anabereka Tadala. Anamufunditsa bulangete latsopano. Eneless anakweranso, kuti akalere mwana amayi akamakumba. M'ngolomo munali Mai Mwanaisha. Munali Mai Ricardina. Janeth nayenso anakwera, kuti akatsikire kumsewu waukulu.

Thirakitala inanyamuka. Mphepo inawomba. Inali yolasa m'makutu.

"Maiwe, bulangete latha!" anatero Janeth. "Tatembenukani, Mai Eneless, tilione."

Amayi anatembenuka. Azimayi anayamba kuloza.

"Changa ndi ichi, chakhaki!" anatero wina.

"Iyi ndi ovolosi ya Sekuru Jackson," anatero wina. "Mpaka pano ikununkha fodya!"

Onse anaseka. Janeth anafufuza kumanja. Anafufuza kumanzere.

"Nanga changa chachikasu?"

"Ndi mbalame zanga," anatero Mai Ricardina. "Zauluka kodi?"

Mai Mwanaisha sanaseke. Anakweza ngodya ya bulangete. Anasuzumira kunsi. Kenako anaibweza bwinobwino.

"Mai Eneless," anatero motsitsa mawu, "ngati nsalu yanga sinakusangalatseni, mukanandiuza. Sindikanadula diresi langa."

"Nsalu iti, anzanga?" anafunsa amayi. "Zonse zimene zinabwera ndinasoka."



Pamenepo Tadala anayamba kulira. Analira kwambiri. Timapazi take tinali panja. Mphepo inkatimenya.

Eneless anatambasula dzanja. Anagwira kaphazi kamodzi. Kanali kozizira ngati mpopi wa m'mawa. Anagwira kenako. Nakonso kanali kozizira. Tizala tinali titatuwa.

Eneless anayang'ana kutsogolo. Balani inali pafupi. Inkayandikira. Inafika. Inayamba kutsala m'mbuyo.

"Amalume!" anakuwa Eneless. "Imani!"

Lazalo sanamve. Injini inali kusokosa.

"Amalume Lazalo! Imani, imani!"

Thirakitala inaima gwa. Azimayi anagundana mapewa.

"Chagwa nchiyani?" anafunsa Lazalo. "Kapena wina wadya nyemba zambiri dzulo?"

Eneless anali atadumpha kale. Anathamanga pa udzu woyera uja. Analowa mu balani. Anatuluka atanyamula kanthu. Kanali kachikasu, kofiira ndi kobiriwira.

Anakwera m'ngolo akupumira m'mwamba. Anaika nsaluyo pamwendo pa amayi.

"Mbalame zanga!" anatero Mai Ricardina.

"Singano yanga!" anatero amayi. "Ndaifuna sabata yonse!"

Eneless anayamba kulira. Tsopano olira anali awiri.

"Unabisiranji, mwanangu?" anafunsa amayi.

"Aliyense amati ncha Tadala," anatero Eneless. "Khomo lililonse, ncha Tadala, ncha Tadala. Nanga ine? Langa lili kuti? Ine simunandisokere!"

Amayi anamupukuta misozi ndi chala.

"Ukunena zoona. Iwe sindinakusokere," anatero. "Unabadwira ku Selous, kutali ndi kuno. Tinali titangofika kumene. Tinalibe wotidziwa. Panalibe khomo lokapempha chigamba."

"Ndiye ndinkafunda chiyani?"

"Jekete la abambo ako. Anali nalo limodzi lokha. Juni yense ankapita kuntchito ndi shati yokha."

"Ndikukumbuka!" anatero Lazalo ali pa chiwongolero. "Alamu anga mano ankachita kuwomba ngati injini iyi. Iwe uli phee m'jekete, ngati bwana!"

Azimayi anaseka. Eneless anafuna kuseka, koma anadziletsa.

"Komabe," anatero amayi, "zigamba izi sunapatsidwe iwe. Ndipo wawakhumudwitsa anzanga. Ukudziwa chochita."

Eneless anagwada m'ngolomo. Anawomba m'manja.

"Pepani, Mai Mwanaisha. Pepani, Mai Ricardina. Pepani, Sisi Janeth. Amayi sanadziwe. Ndinabisa ndine."

Mai Mwanaisha anagwira dzanja la amayi. "Nanenso pepani, anzanga. Ndinafulumira kuyankhula."

Kenako anatenga nsalu ija. Anaitembenuza. Anayang'ana msoko.

"Wasoka ndani apa?"

"Ine."

"Ndi ulusi wa feteleza?"

"Ee."

"Msoko wake ngati njira ya munthu woledzera," anatero Janeth.

Mai Mwanaisha anakoka uku. Anakoka uko. Msoko sunaduke.

"Wakhota, koma wagwira," anatero. "Sitimasula ayi. Tiulumikiza mmene ulilimu."

Lazalo analiza injini. Janeth anatsikira kumsewu. Ena anafika kumunda wa mbatatesi. Foromani anali asanagawe mizere.

Mai Mwanaisha anakhala pa thumba. Anasolola ulusi wa pakamwa pake. Anayala bulangete pamwendo. Anaika zigamba zitatu kumapeto kwake. Singano inalowa, inatuluka. Inalowa, inatuluka.

Amayi anamukulunga Tadala mu chitenje ndi juzi lawo.

"Ene, gwira mapazi a mng'ono wako," anatero.

Eneless anakweza juzi lake. Anaika timapazi ta Tadala pamimba pake.

"Yowe! Akundizizira!"

"Pirira," anatero amayi.

Eneless anapirira. Pang'ono ndi pang'ono timapazi tinafunda. Tadala anasiya kulira. Anayamba kumupondaponda Eneless pamimba.

"Taonani, Amayi, akundimenya!"

"Akukuthokoza," anatero amayi.

"Kuthokoza ndi mateche?"

Mai Mwanaisha anadula ulusi ndi mano. "Latha," anatero. Anakweza bulangete m'mwamba. Tsopano linali lalitali. Kumapeto kwake kunali chikasu. Kunali mbalame ziwiri. Kunali maluwa agolide.

Foromani anaimba likhweru. Amayi anatola khasu.

"Werama, Ene," anatero.

Eneless anawerama. Amayi anaika Tadala kumsana kwake. Anamanga chitenje. Pamwamba anafunditsa bulangete lija.

Eneless ndi wamng'ono thupi. Bulangete linakuta Tadala yense, mutu mpaka mapazi. Linazungulira mapewa a Eneless. Linadzakumana pachifuwa pake. Amayi analimanga pamenepo.

Kumsana kunali kofunda. Kutsogolo kunali kofunda. Mphepo inawomba, koma sinapeze polowera.

"Amayi," anatero Eneless, "nanenso ndafunda."

"Ndaona," anatero amayi.

Eneless anayenda m'mbali mwa munda. Anapita uku, anabwerera. Tadala anagona tulo. Mpweya wake unkamutenthetsa Eneless pakhosi.

Eneless anatembenuza mutu. Ananong'ona kuti amayi asamve.

"Iwe Tadala, tamvera. Ovolosi ya Sekuru ndi yako. Chakhaki ndi chako. Koma kumene ndasoka ine nkwanga. Ndangokubwereka mpaka chando chithe."

Tadala anangoyasamula.

Pamenepa Lazalo anasiya kukamba, chifukwa kombi inali itatulukira. Ndikukwera, anandikuwira kuti kuyambira tsiku limenelo Eneless sanachitirenso nsanje mng'ono wake.

Za balani ndikukhulupirira, chifukwa ndinaiona pawindo la kombi. Za ulusi wa feteleza ndikukhulupiriranso, poti ndimasokera womwewo chikwama changa. Koma zoti nsanje inatheratu tsiku limodzi, ine ndikukayika. Lazalo ndi malume wake, ndipo amamukonda mwanayo.