Dairekita wa pa Sofa

Mwaiwathu anakumana ndi Kingsley pokwerera basi ku Downtown Indianapolis, tsiku lomwe mtsikanayu anachokera ku South Bend kudzapanga training ya kuntchito. Mphepo inali yodula makutu. Mkuluyo atamumva akudandaula pa foni m'Chichewa, anavula jekete n'kumufunditsa.

"Mwana wakwathu sangafe ndi chisanu ine ndilipo."

Basi isanafike, Mwaiwathu anali atamva CV yonse. Ati ndi dairekita wa mavidiyo a nyimbo, amajambula oimba a Chisipanishi, a pop ndi a rock omwe. Munthu woti Chisipanishi chake chimayambira pa "amigo" n'kuthera pomwepo.

Koma pakamwa, abale, anadalitsidwa. M'mawa uliwonse foni ngwee: "Wadzuka bwanji shuga wam'tiyi wanga? Ukwati wathu ndidzaujambula ndekha, makamera seveni."

Lamulo linali limodzi: asatchule dzina lake kwa Amalawi, asaonetse chithunzi. Ati anthu akwathu nsanje. Kwake ku Lawrence sikufika alendo, ati kuli zida za studio. Iye ndiye ankabwera ku South Bend, Lachitatu lokhalokha. Miyezi eyiti! Mtsikana woti amagwira nkhalamba za ku nursing home zikabisa mapiritsi kunsi kwa lilime, izi osaziona?

Kenako kunabwera nkhani yaikulu. Vidiyo yomwe ati anajambula ku Speedway, bwalo la mpikisano wa magalimoto, yalowa m'maawadi a nyimbo za Chilatini, ndiye akuuluka wa ku Miami.

"Tikawina ndikatchula dzina lako dziko lonse likumva. Ndikabwerako usamukire kuno, bebi, usiye zosambitsa agogo a eni."

Mwaiwathu analemba kalata yosiya ntchito, n'kuiika pa tebulo kuti akapereke Lolemba.

Lamulungu madzulo anakazinga nkhuku ndi mandasi, n'kuitana Anti Magdalene ndi azimayi ena atatu a kutchalitchi kuti adzaone mlamu pa TV. Pamela, mnzake wokhala naye nyumba, anagwira rimoti. Maola awiri azimayi ali tong'o, osamva ngakhale liwu limodzi la Chisipanishicho, ntchito kufunsana ngati ku Miami nsalu inatha m'masitolo.

Meseji inalowa. "Ndili backstage mtima wanga."

Vidiyo ija inawinadi. Pa steji panakwera anyamata asanu a tsitsi lofika m'mapewa, n'kuthokoza Mulungu, amayi awo ndi dairekita wawo, mayi wina wamfupi wa magalasi. Mwaiwathu anati mwina Kingsley wachedwa pa masitepe.

Kenako anaonetsa kachidutswa ka vidiyoyo. Magalimoto, utsi, gitala, chigulu cha anthu chikukuwa kumbuyo.

"Ndi uyo!" Mwaiwathu analumpha. "Pamela bweza, imitsa pamenepo."

Pamela anaimitsa. Analidi Kingsley, kukona kwenikweni, hot dog m'manja. Pakhosi mwana. Pambali mzimayi atamukolowekera dzanja m'chiuno.

Anti Magdalene anavala magalasi n'kusendera pafupi.

"Dairekita wake ndi ameneyu? Awa si bambo a Kenan, amuna ake a Evelina? Ine ndinaphika mpunga pa ukwati wawo. Amayendetsa kabasi konyamula odwala kuchipatala awa."

Mwaiwathu anati mwina angofanana. Anti sanatsutse. Anangoimba foni n'kuika pa loud.

Evelina anayankha akuseka, kufunsa ngati awaona pa TV. Ati tsiku limenelo anangopita kukayenda ku Speedway, ojambula n'kuwapempha kuti aime kumbuyo azikuwa. Anti anafunsa za bambo akunyumba.

"Ali pompano pa sofa, anti, ndi kabudula wawo. Chiyambire mwambowu akungoseweretsa foni."

Mwaiwathu anayang'ana jekete lija, lomwe linali likadali pa chitseko. Kenako analemba meseji: "Backstage kukuzizira, shuga wanga? Valako thalauza."

Mu foni ya Anti, kuchokera ku Lawrence konko, munamveka ngwee.

"Mwanawe Evelina," anatero Anti mofatsa, "tatenga foni ya amuna akowo uwerenge. Ndi ya ku Miami."

Zomwe zinamveka pambuyo pake, ngakhale gitala wa anyamata aja sakanafikapo.

Mwaiwathu anakadzitsekera kubafa. Analira zenizeni, kulirira munthu woti sanakhaleko n'komwe. Pamela anatenga jekete lija ndi zala ziwiri n'kukaliponya m'bini ya panja.

Pamene Mwaiwathu amatuluka kubafako, azimayi anali akugawana zotsala. Anti Magdalene anakweza pepala lomwe linali pa tebulo, mandasi atatu ali kudzanja linalo.

"Kalatayi ili ndi ntchito, mwanangu?"

Mwaiwathu anapukuta m'maso.

"Ayi anti, kulungirani. Mawa ndili ndi shifiti ya seveni."