Botolo la Kuseri kwa Shelefu

Regina anakumana ndi Gilson Lachisanu lina mu 2003, m'sitolo ya vinyo ya ku Kabulonga, mu Lusaka, kumene ankagwira ntchito. Mnyamatayo analowa atavala tayi, nkhope yodzidalira, koma pa nkhani ya vinyo sankadziwa kalikonse.

"Ba sister, nifuna wine yabwino. Iliyonse chabe, bola botolo izioneka ya ulemu."

Regina anaseka mpaka kugwira pakamwa. Botolo looneka laulemu? Kodi anthu amamwa botolo?

Sitoloyo inkagulitsa vinyo wa ku Stellenbosch yekhayekha, ndipo Regina ankamudziwa monga mmene mayi amadziwira ana ake. Chodabwitsa n'chakuti sanamezepo ngakhale dontho. Anali mwana wa mkulu wa mpingo wa Reformed ku Chilenje. Akalawa, ankazunguza vinyoyo mkamwa n'kulavulira m'kandowa, monga anamuphunzitsira abwana ake.

Anathira pang'ono vinyo woyera m'tambula. "Uyu ni Chenin Blanc. Nunkhizani poyamba. Mwamva magwafa? Manje lawani, ali na kuwawasa monga mango yosapsa."

Gilson anachita tsinya. "Awe, uyu ni wa bazimayi."

Kenako Regina anamuthirira wofiira, Pinotage, wolemera pa lilime, wa kafungo ka utsi.

"Nanga uyu anunkha chani?" anafunsa Gilson, maso ali pa Regina osati pa tambula.

Mabuku a m'sitolo ankatchula zipatso zimene Regina sanazionepo, choncho anali ndi mawu akeake. "Anunkha monga dothi ya ku Chipata mvula yoyamba ikagwa," anatero motsitsa mawu, pakuti kumeneko ndi kumene anakulira. "Koma Lusaka yathu ipya maningi. Mumuike mu filiji ma minitsi twenty chabe musanamwe."

Kuyambira tsiku limenelo, Lachisanu lililonse Gilson ankatulukira. Ntchito yake inali yoyendera magolosale, koma ankachita ngati msewu uliwonse wa mu Lusaka umathera ku Kabulonga. Ankamuperekeza pa minibasi mpaka ku Chilenje, Regina akatsika uthenga uli kale pafoni.

"Mvula yanga yoyamba, wafika bwino?"

Mtsikana uti akanalimba mtima? Regina anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe!

Tsiku lina ali pa benchi ku Woodlands, Gilson anamugwira dzanja. "Regina, siku nizabwela kwanu na bankhoswe, uzamwa na ine. Osalavula."

"Tambula imodzi chabe," anayankha Regina mwamanyazi. "Ba tata bangafe na BP."

Mawa lake anatenga botolo la Pinotage wa chaka cha 1999, abwana atamulola, n'kulibisa kuseri kwa shelefu ya pansi. Limenelo linali la tsiku lawo.

Kenako Gilson anati akuntchito amutumiza ku Kitwe miyezi itatu.

Miyezi itatu ija inasanduka isanu. Mauthenga amene ankabwera m'mawa ndi masana anayamba kubwera Lamlungu lokha. "Nili busy, sweetie. Nizabwela." Regina ankawerenga mawu amenewo mpaka kuwaloweza. Chitseko cha sitolo chikalira Lachisanu, mtima wake unkadumpha, koma olowa anali anthu ena. Anamusowa kwambiri Gilson, moti ngakhale pempho lake lopusa lija la botolo laulemu ankalilakalaka.

Mabotolo onse a 1999 anatha, kupatula lake lija. M'mawa uliwonse ankagwada n'kulipukuta fumbi.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, anaima pakhomo la sitolo n'kulemba uthenga. "Kuno kwanunkha dothi. Nakuyewa, nakusowa." Yankho silinabwere.

Loweruka lotsatira kunalowa mtsikana wansangala, tsitsi lomanga bwino, mphete ikung'anima pa chala.

"Muli shani, ba sister? Ndine Kampamba, nachokela ku Chelstone. Next week tili na chilanga mulilo, tipeleka vakudya ku banja ya bamuna banga. Nifuna kuikapo na wine yamene bakonda."

"Zabwino zonse!" anatero Regina ndi mtima woona. "Bakonda yofiila olo yoyela?"

"Yofiila. Yoyela bakamba ati ni ya bazimayi." Kampamba anaseka. "Zina naiwala, koma ni ya 1999. Bakamba ati inunkha monga dothi ya ku Chipata mvula yoyamba ikagwa. Nimabaseka, chifukwa beve ni ba ku Mansa, ku Chipata sibanapondeko!"

Regina anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu akewo! Mawu amene sanauzepo kasitomala wina aliyense, lero akutuluka pakamwa pa mkazi wovala mphete.

"Bankhala ku Kitwe?" anafunsa.

"Ku Kitwe? Awe, ba Gilson bankhala pa Kabwata apa. Sibanachokepo mu Lusaka chaka chino."

Kabwata! Minibasi ya Regina inkadutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, miyezi isanu yathunthu, iye akuyang'ana foni kudikira munthu wa ku Kitwe.

Anafuna kukuwa. Anafuna kunena kuti vinyoyo anatha, ndipo ndani akanamutsutsa? Koma botolo lija akanalisungiranso tsiku liti?

Anagwada, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa shelefu. Botololo linalibe ndi fumbi lomwe. Analikulunga bwinobwino m'pepala, misozi ikulengeza m'maso.

"Yatsala imodzi chabe iyi," anatero. "Muiike mu filiji ma minitsi twenty musanapeleke."

Kampamba anawomba m'manja. "Iye! Ndiye vamene bakamba na beve! Mwaziba bwanji?"

Regina anamuyang'ana. Mtsikanayo sanalakwe chilichonse, ndipo anali ndi sabata imodzi yokha yoti adziwe munthu amene akumuphikira.

"Ndine ninabaphunzisa," anayankha, akumupatsa botololo ndi manja awiri. "Mukabauze ati yachokela kuli mvula yao yoyamba. Muyang'ane nkhope yao pamene mukamba."