Chidulo cha Nangozo

Kachipangizoko kanali kakang'ono ngati nyemba, koma pakamwa pake! Madokotala anakaika pachifuwa cha a Makwinja mu 2088, impso zawo zitayamba ulesi. Dzina lake Mlondamtima. Kankayeza potaziyamu, mchere wa m'magazi umene umayendetsa magetsi ogunditsa mtima. Ukachepa, mtima umapupuluma. Ukachuluka, magetsiwo amayenda mokwawa mpaka mtima kuima.

Mkazi wawo, Nangozo, sankatekeseka. Khitchini yake inali ndi diso la kompyuta loona chilichonse cholowa mumphika, ndipo malamulo a madokotala ochepetsa potaziyamu iye ankawasunga: nthochi ayi, mbatata ayi, mchere ayi. Kumana munthu nthochi ku Thyolo si masewera, koma iye anakwanitsa.

Lachitatu masana kachipangizo kaja kanakuwa. "Potaziyamu wakwera! Mtima ukugunda ka 41 pa mphindi. Ndege ya chipatala ili m'njira. Mwadya chiyani?"

Nangozo akachita mantha amakalipa. "Bambo a Tiyese, mwayambanso kubisa nthochi m'jekete?"

"Ine? Chaka chino sindinalaweko," anayankha a Makwinja, mawu akukoka. "Ndangodya therere lanu lija."

"Mumphika munalowa therere ndi madzi basi. Palibe vuto," linatero diso la m'khitchini.

Madzi? Nangozo anakumbukira botolo lake la chidulo. Mchere utaletsedwa, iye anachita zimene amachita kwawo: kuwotcha makoko a nthochi, kuthira madzi paphulusa, n'kudontheza chidulo choti ndiwo zikome. Diso lija linkaona madzi oderako, n'kumalemba kuti madzi.

Ndege itatera pabwalo, loboti yachipatala inapeza Nangozo ali chilili, botolo kumanja.

"Musataye nthawi kufufuza. Nachi chawavulaza. Ndine ndinaphika."

Loboti inaviika chala m'botolomo. "Potaziyamu yekhayekha." Nthawi yomweyo inabaya a Makwinja jakisoni woteteza mtima, kenako wina wotsitsa mcherewo. Manambala a kugunda kwa mtima anayamba kukwera: 48, 55, 67.

A Makwinja anatsegula maso. "Mayi a Tiyese, nthochi munandimana. Ndiye makoko ake mwati mundipatse?"

Nangozo anaseka, misozi ili chuchuchu, chifukwa zinamupweteka kwambiri kuti chikondi chake chomwe chikanamuphera mwamuna.

Sabata isanathe, makhitchini a dziko lonse anali ataphunzira funso latsopano: "Amayi, awa ndi madzi kapena chidulo?" Nangozo akalimva amayankha mokweza, maso ali pachifuwa cha mwamuna wake. Makinawo ankaona zonse, kungoti sanakulire kumudzi.