Mwana wa Mlonda Sadandaula

Kanyerere anali ndi vuto limodzi. Ankaopa jakisoni. Ankamuopa kwambiri.

Bambo ake anali mlonda wa pageti. Anali ndi jombo zonyezimira. Anali ndi wenzulo wonyezimira. Iwo sankaopa kanthu. Ankanena okha zimenezi tsiku lililonse.

Tsiku la katemera linafika. Awiriwo anapita kuchipatala.

"Mwana wa mlonda salira," anatero Bambo. "Mwana wa mlonda sadandaula. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

Anamwino anapukuta mkono wa Kanyerere ndi thonje. Jakisoni analowa. Jakisoni anatuluka. Kanyerere sanalire.

"Watengera ine ameneyu," anatero Bambo. Maso awo anali kudenga.

"Khalani kaye pabenchi apo," anatero Anamwino. "Musachoke. Akamva zachilendo m'thupi, mundiuze msanga."

Pabenchi panali makolo ena. Bambo anayamba kuwasimbira za galu amene anamuthamangitsa pageti. Dzulo galuyo anali mmodzi. Lero anali gulu lonse.

Mkono wa Kanyerere unayamba kuyabwa. Anakanda pang'ono.

Khosi linayamba kuyabwa. Anakanda kwambiri.

Anasuzumira m'juzi. Pamimba panali zidzolo. Zinali zambiri, zotupa. Anakokera juzi pansi. Mwana wa mlonda sadandaula.

Milomo inayamba kulemera. Pakhosi panayamba kuthina. Mpweya unkalowa pang'onopang'ono. Unkalira, fiii, fiii.

Mtima unagunda, thi! thi! thi!

Paja Anamwino anati, "Mundiuze." Ababa anati, "Usadandaule." Nanga amvere ndani?

Kanyerere anakoka malaya a Bambo.

"Ababa."

"Taima kaye, iwe. Ndafika pokoma."

Fiii. Fiii.

Anakokanso. Anakoka ndi mphamvu zake zonse.

"Ababa, pepani. Ndikudandaula."

Bambo anacheuka. Anaona milomo yotupa. Anaona maso otupa. Nkhani ya agalu inathera pomwepo.

Wenzulo anamuiwala. Anangokuwa ndi pakamwa. "Mayo ine! Anamwino! Mwana wanga!"

Anamunyamula. Anathamanga. Jombo imodzi inatsala pabenchi.

Anamwino sanachedwe. Anamugoneka pabedi. Anamubaya jakisoni wina pantchafu. Anamuveka chopumira kumphuno.

Ulendo uno Kanyerere analira. Palibe anamuletsa. Bambo ankalira kuposa iye.

"Puma, mwanawe," anatero Anamwino. "Pumanso. Eya. Pumanso."

Anadikira. Anadikirabe.

Fiii uja anachepa. Kenako anasiya. Mpweya unalowa wonse. Unatuluka wonse.

"Kodi ndalakwa?" anafunsa Kanyerere.

"Walakwa chiyani? Wachita bwino kunena," anatero Anamwino. "Katemera amateteza ana ku matenda. Koma matupi ena, ochepa kwambiri, sagwirizana naye. N'chifukwa chake timati dikirani pabenchi. Ukapita kuchipatala chilichonse, uzinena za lero. Lero ugona konkuno kuti tikuone bwino."

Bambo anamina. Anakonza kolala. "Inetu ndinaona kale kuti china chake sichili bwino," anatero.

Anamwino anangowapatsa jombo yawo.

Madzulo Amayi anafika ndi bulangeti. Anamufungatira Kanyerere. Bambo anakhala pambali pa bedi. Anagwira dzanja la mwana wawo.

"Pakuyabwa?" anafunsa.

"Ayi, Ababa."

"Nanga pano?"

"Ayi, Ababa."

"Uzinenatu. Kalikonse, uzinena. Ngakhale ndili pokoma."

Kanyerere anaganiza pang'ono.

"Ababa, zala zikundipweteka."

Bambo anadzuka, nyamu! "Anamwino! Anamwi..."

"Takhalani pansi, bambo ake," anatero Amayi. "Mukumufinya dzanja ndinu."

Bambo anakhala pansi. Anamasula zala pang'ono. Koma dzanjalo sanalisiye.